Phulusa la Che Abudo

"Musandiuze zoleza mtima, Che Amisi. Mtembo wa ababa uli pamphasa chifikireni kum'mawa, dzuwa ndi ili mukuliona, ndiye inu mwakiyira jeneza m'chipinda ngati ndi njinga yanu. Bweretsani kiyi."

Wolankhulayo anali Asha, mayi wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Mandimba. Anaima pakhomo la mzikiti wa m'dera lawo, kamtolo ka nsalu ya kapulana kali m'khwapa. Swala, pemphero la masana, inali itangotha ndipo amuna ankatuluka. Tsiku limenelo aliyense nsapato zake zinamuvuta kupeza, maso onse anali pansi.

Che Amisi, wapampando wa komiti ya mzikiti, anasisita ndevu. "Abiti Abudo, tsitsani mawu. Pano si pamsika."

"Pamsika pali anthu amanyazi kuposa pano."

"Komiti yakhala pansi ndipo yagamula. Munthu wowotcha Kurani sitimusambitsa, sitimuswalira, kumanda kwathu salowa. Ifenso zikutipweteka."

"Zikukupwetekani pati? Ndionetseni. Ababa zinawapweteka m'nthiti ndi m'mutu, ine ndinaona."

Jeneza lomwe ankalimbiranalo, machira onyamulira maliro aja, miyendo yake anaikhomerera ndi Che Abudo omwewo, bambo ake a Asha, itagwedera. Ndipo kuseri kwa Che Amisi, mkati mwa mzikiti, munakhala munthu mmodzi yemwe sanatuluke ndi anzake: Shehe Faizali, mphunzitsi wachinyamata, atayang'ana kukhoma. Asha ankauona msana wake. Msana umenewo ndi womwe anaudzera.

Kuti mumvetse, muyenera kuwadziwa kaye Che Abudo.

Anabadwira kumudzi wina kuseri kwa Massangulo, ku Ngauma, nthawi ya Apwitikizi. Sukulu ya mishoni inali pafupi, belu lake linkamveka mpaka kumunda, koma bambo awo anakana. Ankati mwana akalowa kwa apadiri amabwerako ndi dzina lina. M'malo mwake anawapereka kwa mwalimu wa pamudzi, yemwe ankaphunzitsa pa ubao, thabwa losalala lolembapo ndi inki ya mwaye. Ukaloweza ndime unkatsuka thabwalo, koma madzi ake sunkataya paliponse. Unkapita nawo patsinde pa mtengo, pomwe sipadutsa phazi la munthu. Asanadziwe ngakhale chilembo choyamba, Che Abudo anali atadziwa kale chimenecho: mawu a Allah sapondedwa.

Kurani anaimaliza yonse. Chiarabu ankachiwerenga ngati madzi otsetsereka, mawu okoma mpaka azimayi ankasiya kusinja. Koma tanthauzo sankalidziwa, ndipo sankabisa. Ukawafunsa kuti ndime imeneyi ikuti chiyani, ankangoseka. "Mwini wake akumva."

Nkhondo itafika kumudziko, banja linathawira ku Malawi, cha ku Namwera. Asha anali kamwana, koma ulendowo amaukumbuka. Amayi ake anabereka khanda, mphika uli pamutu. Abambo ake anasenza msahafu, buku la Kurani lomwe mwalimu anawasiyira, atalikulunga mu kapulana. Bulangete lokhalo la m'nyumbamo linatsala. Amayi a Asha anamwalira patapita zaka zambiri akunenabe za bulangete limenelo.

Nkhondo itatha anabwerera, koma mudzi wawo unali utasanduka tchire loopsa kulimamo chifukwa cha mabomba okwirira. Anakhazikika ku Mandimba. Che Abudo anapeza mthunzi wa mango m'mbali mwa msewu wopita kumalire, nayamba kumata matayala a njinga. Kumzikiti anali muazini, woitanira anthu ku swala, mpaka pomwe mawu anayamba kusasa ndipo komiti inapereka chimkuzamawu kwa wina. Sanadandaule. Anatenga tsache. Ankasesa, ankatunga madzi osambira m'manja ndi m'mapazi, ndipo madzulo ankasoka misahafu yong'ambika ya ana a madrasa ndi singano yosokera matumba, n'kumata ndi phala la chinangwa.

Koma chomwe tauni yonse inkawadziwira ndi chotola mapepala. Pepala lililonse la zilembo za Chiarabu likakhala pansi, Che Abudo ankatsika panjinga. Mapaketi a zipatso za tende, zikutu za mabisiketi ochokera kunja, makatoni a mabatire, zonse ankazisasa fumbi, kuzigunda pachipumi, kuziika m'thumba. Anyamata a m'timashopu ta m'mbali mwa msewu ankawaseka.

"Ambuje, pamenepo palembedwa kuti shuga, ufa ndi mazira."

"Iwe wawerenga?"

"Ayi, koma ndi bisiketi."

"Ndiye tonse sitikudziwa. Likakhala dzina la Allah, ukandiyankhire ndiwe?"

Asha ali mtsikana zinkamuchititsa manyazi, koma manyazi ake ankathera m'manja. Mnzake wina atanena pachitsime kuti abambo ako ndi amisala, anapita kwawo chidebe chitasweka, mlomo utatupa. Kuyambira pomwepo anthu ankawaseka Che Abudo atayang'ana kaye ngati mwana wawo ali pafupi.

Mapepalawo, pamodzi ndi masamba a Kurani okalamba osasokekanso, ankawasunga m'matumba kudenga la mzikiti. Ndiye taonani vuto lake: phala la chinangwa lija linkaitana mphemvu, chiswe chinkakwera khoma, malata ankadontha. Chaka china anachita momwe mwalimu wawo ankachitira. Anakulunga masambawo mu nsalu yoyera ngati maliro, nakumba dzenje m'mphepete mwa manda, nawakwirira. Mvula ya chaka chimenecho inang'amba nthaka. M'mawa wina anapeza masamba a Kurani ali mbwee m'ngalande, mbuzi zikudutsapo, lina litamatirira ku chiboda. Anatola limodzilimodzi akulira mokweza, munthu wamkulu. Sanakwirirenso. Matumba anangochuluka kudenga, iwo n'kumawayang'ana ngati munthu woyang'ana wodwala yemwe alibe naye mankhwala.

Kenako kunabwera Shehe Faizali. Anali mwana wa konkuno, koma anakaphunzira kutali, ndipo anabwerako akumva Chiarabu ngati Chiyao. Akuluakulu sanamukonde kwenikweni. Ankati sadaka ya pamaliro ndi nyimbo za sikiri si za chipembedzo, pomwe Che Amisi ndi anzawo anakulira momwemo. Apolisi nawonso, chiyambireni mavuto a zigawenga ku Cabo Delgado, anali atamuitanapo kukamufunsa komwe anaphunzira ndi omwe amalankhula nawo pafoni. Ankayenda mosamala, munthu wodziwa kuti mbali zonse kuli maso.

Koma pophunzitsa anali katswiri, zimenezo ngakhale Asha sakana. Ikatha swala ya madzulo ankakhazika anthu pamkeka n'kumawafotokozera mbiri ya Chisilamu m'Chinyanja ndi m'Chiyao. Che Abudo, nkhalamba yoweramira kale, ankakhala kutsogolo penipeni, pakati pa ana. Kwa nthawi yoyamba ankamva kuti mawu omwe anawaimba moyo wawo wonse anali ndi nkhani kumbuyo kwake. Ankabwera kunyumba maso akuwala.

"Asha, unkadziwa kuti Kurani poyamba sinali buku?"

"Ababa, ndikusankha nsomba."

"Sankha, makutu sagwira nsomba. Mtumiki pomwalira, mawu anali m'mitima ya anthu. Ena analemba pa mafupa a ngamira, ena pamiyala, ena pa mapesi a kanjedza. Ndiye kunagwa nkhondo, oloweza ambiri anaphedwa. Abubakari, mtsogoleri woyamba pambuyo pa Mtumiki, anaona kuti zikapitirira mawu apita kumanda pamodzi ndi eni ake. Analamula kuti zonse zisonkhanitsidwe. Anthu kumayenda khomo ndi khomo kutola, Asha. Kutola, ngati ine."

"Mabisiketinso?"

"Usandisokoneze. Ukudziwa masamba amenewo anadzasunga ndani? Mkazi. Hafsa, mkazi wa Mtumiki. Mkazi ngati iweyo, kungoti mwina iye anali wofatsirapo."

Tsiku lina atabwera, nsima anangoinyema kawiri. Shehe anali atafika pa nkhani ya Uthumani, mtsogoleri wachitatu. Asilamu atafalikira m'maiko akutali anayamba kukangana pa kawerengedwe, uyu akuti changa ndiye cholondola, uyu akuti changa. Uthumani anabwereka masamba aja kwa Hafsa, nalembetsa mabuku ofanana, nawatumiza m'mizinda ikuluikulu. Zolemba zina zonse zotsala analamula kuti ziwotchedwe.

"Ziwotchedwe," anabwereza Che Abudo. "Ndi moto."

Mawa lake anamuitana Shehe kunyumba kudzamwa tiyi. Anakhala pakhonde. Asha anali kuseri kwa chitseko cha bango, lichero la nsomba za ku Amaramba lili pamiyendo, ndipo anamva liwu lililonse.

"Shehe, zija za Uthumani ndi zoona? Anawotchadi?"

"Anawotcha, ababa, anzake a Mtumiki akuona, ndipo ambiri anagwirizana naye."

"Si kunyoza kumeneko?"

"Kunyoza kumakhala mumtima. Iye ankateteza. Ngakhale lero, masamba akakalamba, ophunzira ambiri amalola kukwirira, amalolanso kuwotcha, bola phulusa likaikidwe pamalo oyera."

"Ndiye matumba anga aja? Chiswe chafika pa thumba lachitatu."

"Wotchani, ababa. Mukhala mwachita zabwino. Koma chitani mwakachetechete, anthu athuwa sanafike pomvetsa. Ine ndiwafotokozera Lachisanu likubwerali pa ulaliki."

Lachisanu linafika. Shehe analalikira za kulemekeza makolo. Lachisanu linalo analalikira za miseche. Che Abudo akamufunsa, ankati nthawi yake sinakwane, akuluakulu akadali okwiya ndi nkhani ya sadaka. Uku mitambo yoyamba inayamba kuoneka cha kumapiri, ndipo denga linali lomwe lija lodontha. Che Abudo anaona kuti chilolezo ali nacho, chochokera kwa munthu wophunzira, ndipo mvula sidikira ulaliki.

Anagula beseni lachitsulo latsopano, loti silinagwirepo chonyansa chilichonse. Anasamba monga amasambira popita ku swala, navala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, natenga lubani. Anasankha masana dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe anthu amabisala m'nyumba, nakankha matumbawo panjinga mpaka kudimba kwawo, kumtsinje kuseri kwa nyumba zomalizira. Asha anali kumsika. Zomwe zinachitika kumeneko anazimva kwa Estevão, mlimi wa fodya wachikhristu wochokera ku Ngauma, yemwe dimba lake linagundizana ndi la Che Abudo.

Estevão anati nkhalambayo inagwada, n'kumaika masamba m'beseni pang'onopang'ono, ikuwerenga chamumtima. Inali itatsala pang'ono kumaliza. Ndiye kunadutsa kamvuluvulu, timphepo tozungulira ta mwezi wa Okutobala tija. Kanatola tsamba limodzi lopserera theka, zilembo zikuonekabe, n'kukalitaya panjira ya kumjigo. Mayi wina analitola, naona utsi, nakuwa.

Miyezi imeneyo mafoni a anyamata anali odzaza ndi mavidiyo a anthu a maiko akutali akuwotcha Kurani pamsewu mwachipongwe. Mkwiyo unali utafufuma kale, unkangosowa woti ugwere. Palibe anafunsa kuti bwanji wonyozayu wavala mkanjo wa Lachisanu, bwanji pakununkhira lubani. Palibe anakumbuka kuti uyu ndi munthu yemwe amatsika panjinga chifukwa cha chikutu cha bisiketi. Anabwera ndi njerwa ndi mitengo ya mpanda. Saide, mwana wa Che Amisi, anabwera ndi tcheni cha njinga.

Che Abudo sanathawe. Sanatchinge ngakhale mutu. Anaweramira pabeseni lotenthalo, manja atatambasula, kuti asaligubuduze. Ankangoti, "Funsani Shehe. Musaponde. Funsani Shehe." Analigubuduza ndithu. Oteteza Kurani aja anavina pamwamba pa masamba ake ndi nsapato za kuchimbudzi zomwe.

Estevão ndi amene anadzigwetsa pakati, nalandira njerwa yake paphewa. Anathamangira nawo kuchipatala cha Mandimba, komwe anati mutuwu ndi wa ku Cuamba. Podikira galimoto, Asha, yemwe uthenga unamupeza kumsika, anathamangira kudimba. Anagwada n'kukokolola phulusa ndi manja, natola timasamba totsala m'matope, nakulunga zonse mu kapulana. Sanadziwe chifukwa chake. Ankangodziwa kuti abambo ake akadzuka, funso loyamba lidzakhala limenelo.

Ndipo linalidi limenelo. Ku Cuamba anatsegula maso kamodzi kokha, diso limodzi, linalo litatsekeka ndi kutupa. Manja anali atakulungidwa nsalu chifukwa cha moto. Sanafunse omwe anawamenya.

"Phulusa lija?"

"Ndinatola, ababa. Lonse."

"Silinapondedwe?"

Asha ananama. "Ayi."

"Ukamuuze Shehe asachite mantha. Angowafotokozera. Akamva za Uthumani amvetsa."

Anamwalira akukhulupirirabe zimenezo.

Asha akadali ku Cuamba, komiti inakumana. Mkazi wa muazini watsopano ndiye anamufotokozera Asha pafoni. Che Amisi anamufunsa Shehe pamaso pa onse ngati ndi iye anatuma nkhalambayo. Aliyense ankadziwa zomwe yankho linanyamula. Akati inde, ndiye kuti Saide ndi anzake anapha munthu wosalakwa, akuluakulu apeza ndodo yomuchotsera Shehe pamzikiti, ndipo apolisi amuitananso. Akati ayi, wolakwa ndi wakufayo, ndipo wakufa sayankha. Shehe anayang'ana pamkeka.

"Ine ndinangophunzitsa mbiri," anatero.

Mtembo unafika ku Mandimba kum'mawa, pa galimoto ya fodya yomwe Estevão anapempha kwa mnzake. Pakhomo panalibe amuna okumba manda, panalibe osoka sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Panali azimayi ochepa a kumsika basi. Mwana wamkazi saloledwa kusambitsa bambo ake. Mchimwene wa Asha ali ku Joni, ndipo maliro a Msilamu sagona masiku kudikira basi. Pofika chakumasana ntchentche zinali zitayamba kuzungulira pazenera.

Estevão anavula chipewa. "Mana Asha, mlongo wanga, kwathu ku Ngauma malo alipo, pafupi ndi amayi anga. Apadiri ndilankhula nawo ine. Munthuyu sangakhale chonchi."

"Mwachita kale zoposa abale, bambo Estevão. Koma ababa sanalowe sukulu ya belu, anasiya bulangete m'nkhondo, anasesa mzikiti uja mpaka msana kupindika. Akagona kumanda kwawo, nkhope itayang'ana komwe ankayang'ana poswali. Ndisungireni pakhomo pano."

Anatenga kamtolo kaja n'kuuyamba wa kumzikiti.

Ndiye ndi uyo ali pakhomopo, Che Amisi atatsekereza njira, amuna ena nsapato ali nazo m'manja koma osachoka. Asha anagwada pasitepe, namasula kapulana. Phulusa linaonekera, lotuwa, losakanikira ndi dothi la kudimba. Pamwamba pake anaikapo tsamba limodzi lopserera m'mbali. Pakati pa zilembo panali chidindo cha nsapato, mizere yake yonse ikuoneka.

"Inu oteteza Kurani, bwerani muone. Ababa anawotcha atasamba, atagwada. Uyu anaponda ataima. Nsapato iyi ndi ya ndani? Che Amisi, Saide amavala saizi yanji?"

"Abiti Abudo, musaonjeze milandu pa mlandu."

"Mlandu ndi umodzi, ndipo mwini wake ndi uyo wandipatsa msanayo."

Anavula masilipasi ake. Azimayi ali ndi khomo lawo kumbali, koma iye anaponda pa sitepe ya amuna, ndipo palibe anayerekeza kumugwira. Sanalowe. Anaima pamzere weniweni wa chitseko, pomwe abambo ake ankayambira kusesa.

"Shehe Faizali. Tiyi munamwa kwathu. Kapu yake ndi yobiriwira, yothyoka chogwirira. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndipo makutu anga sagwira nsomba. Ababa anakufunsani ngati Uthumani anawotcha, munati anawotcha. Anakufunsani za matumba awo, munati wotchani, mukhala mwachita zabwino. Munati mudzalalikira Lachisanu. Ndanama pati?"

Msana uja sunagwedezeke. Zala zokha zinasiya kuyenda pa mikanda ya tasibihi.

"Mawu a mkazi mmodzi," anatero wina kumbuyo.

"Eya, mkazi mmodzi. Paja masamba oyamba aja anasunganso mkazi mmodzi, si choncho, Shehe? Munaphunzitsa nokha. Ine sindinapite kusukulu yanu, ndinangomva kwa nkhalamba yomwe inkakhala kutsogolo pakati pa ana. Inakukhulupirirani. Akuiphwanya nthiti inkatchula inu. Ku Cuamba, diso limodzi, inati ndikuuzeni musachite mantha. Ndakuuzani. Uthenga wa ababa ndafikitsa, tsopano imvani wanga."

Kunja kwa mpanda mbuzi inalira. Saide, yemwe anali atabisala kuseri kwa thanki la madzi, anayang'ana mapazi ake.

"Apolisi mukuwaopa, ndamva. Akuluakuluwa mukuwaopa, ndamvanso. Mpando wanu sindikuufuna, ndende ya Saide ndi nkhani ya mawa. Lero ndikufuna madzi, sanda, jeneza ndi amuna oima kumbuyo kwanu pa swala ya maliro. Dzuwa likapendeka mtembo uja suyandikirikanso. Komiti yati ababa ndi kafiri, wosakhulupirira. Inu nokha mukudziwa ngati ndi zoona, ndipo mwakhala m'nyumba ya Allah, pamkeka womwe ababa anaukuntha ndi manja awo omwe apsawo. Tembenukani, Shehe. Ayang'aneni anthuwa kumaso. Munawauza kuti awotche, kapena simunawauze? Yankhani."